Wilo ya Alihaji Jawadu

Alihaji Jawadu anafika kwa Shehe Swaleyi Lachitatu m'mawa, dzuwa lisanayambe kuswa mtengo. Galimoto yawo anaiimika pafupi kwambiri ndi khonde, moti fumbi linatiphimba tonse awiri. Ine ndinali mwalimu wa madarasa a pamsika wathu waung'ono m'boma la Machinga. M'mawa, ana akakhala kusukulu ya boma, ndinkakonda kukhala pafupi ndi Shehe, amene anali mphunzitsi wanga kwa zaka khumi ndi ziwiri.

Tsikulo Shehe ankamata chubu cha njinga. Anakhala pamphasa, beseni la madzi lili pakati pa miyendo, akufunafuna pamene pankatuluka mpweya. Mlendo akanawaona akanati ndi amisiri a pamsika. Koma ameneyu ndi munthu amene anthu ankamuyendera kuchokera ku Mozambique kudzafunsa za kagawidwe ka chuma cha masiye, ndipo sindinamvepo wina akubwerera n'kunena kuti anam'kondera mnzake.

Alihaji aliyense ankawadziwa. Anali ndi zigayo ziwiri, lole, ndi sitolo ya zipangizo zomangira nyumba. Ku Maka anapitako kawiri, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Koma tsiku limeneli mkanjo wawo woyera unkangolendewera m'mapewa. Matenda anali atawadya.

"Assalaamu aleikumu, Shehe."

"Waaleikumu salaamu, Alihaji. Mundikhululukire, m'manja muli guluu. Mwalimu, apatseni mpando alendo."

Mpando pakhomopo unali umodzi wokha. Alihaji anakhalapo, Shehe n'kukhalabe pamphasa pawo. Anafunsana za m'nyumba ndi za mvula monga mwa ulemu wake, kenaka Alihaji anatulutsa envulopu m'thumba la mkanjo.

"Shehe, sinditaya nthawi yanu. Lolemba ndikukalowa m'chipatala ku Blantyre. Akandichita opaleshoni. Madokotala sanandibisire, akuti mwina ndidzuka, mwina ayi."

"Mulungu akuchiritseni. Moyo uli m'manja mwake."

"Amina. Imfa sindiiopa, Shehe. Ndikuopa Sanudi."

Sanudi anali mwana wa mlongo wawo, bambo wa zaka makumi anayi, wogula ndi kugulitsa nandolo. Kwathu kuno, mwa makolo, mwamuna akamwalira katundu amatengedwa ndi akuchimuna, makamaka ana a mlongo wake. Mkazi ndi ana amawerengedwa a kwina. Chisilamu sichitero, boma nalonso silitero, koma pamaliro ambiri mwambo ndi umene umafika msanga.

"Anabwera kudzandiona dzana," anapitiriza Alihaji. "Kundifunsa kuti mwagona bwanji amalume, anafunsa kamodzi kokha. Koma za mapepala a lole anafunsa katatu. Akuti, 'Amalume, zinthu zotere muziuzako abale pamene mumasunga.' Pochoka anazungulira nyumba yonse, manja ali kumbuyo, ngati munthu wofuna kugula. Ine ndili ndi mkazi, ana aakazi awiri, ndi wamwamuna mmodzi amene wangoyamba kumene sekondale. Ndikangotseka maso, awa awasiya pamtetete."

Anapereka envulopu ija. Inali wilo, yolembedwa ndi loya wa ku Zomba, ya masamba atatu.

"Ndikufuna zinthu ziwiri. Musaine apa ngati mboni. Kenaka Lachisanu, mukaimirira pa mimbari polalikira mumzikiti, muiwerenge anthu onse amve. Mumutchule dzina Sanudi. Munene kuti wokhudza chuma cha ana a Jawadu tsoka la Mulungu lim'tsate."

Shehe anasamba m'manja, n'kupukuta bwinobwino, n'kuyamba kuwerenga. Ankawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Atamaliza anabwerezanso tsamba lachiwiri. Alihaji anayang'ana wotchi yawo kawiri konse.

"Pepala ili ndi labwino," anatero Shehe. "Loya wanu wayenda m'malamulo athu. Poti muli ndi mwana wamwamuna, chuma chonse ndi cha mayi akunyumba ndi ana anu, aliyense gawo lake. Sanudi alibemo gawo, pokhapokha mutamusiyira nokha mwa chifundo chanu. Mwachita bwino kulemba mukadali ndi mphamvu. Ambiri amati kulemba wilo ndi kudziitanira imfa, ndiye amasiya moto m'nyumba. Mwalimu, ndibwerekeni cholembera."

Anasaina, n'kubwezera Alihaji envulopu ija. Ine mtima unakhala m'malo, ndinati nkhani yatha bwino.

"Koma za pa mimbari zija, mundikhululukire. Sindichita."

Alihaji anawongoka pampando. "Bwanji?"

"Malo aja si ochititsirapo munthu manyazi. Komanso Sanudi sanatenge kanthu. Sindingatemberere munthu pa tchimo limene sanachite."

"Ndiye tidikire achite, ine ndili m'manda?"

"Sindinatero, Alihaji."

"Shehe, ndimakulemekezani. Koma musaiwale kuti mzikiti mukundikanizawo, malata ake ndinagula ndine. Onse. Palibe anathandizapo ngakhale msomali."

Ndinene zoona, ine ndinachita mantha. Madarasa athu anali opanda mazenera, ndipo tonse tinkayang'ana kwa Alihaji. Mumtima ndinkati, Shehe, tangowerengani pepalalo, dzina la Sanudi mulidumphe, aliyense apite kwawo wokondwa. Nzeru zanga zinathera pamenepo.

Shehe sanasinthe nkhope. "Sitiiwala, Alihaji. Mvula ikamagwa ife tili pa swala, timakupemphererani. Mulungu alandire sadaka yanu." Kenaka anati, "Poti mwatchula malata, pali chimene ndikufuna ndikufunseni. Koma ndi za m'banja mwanu. Kodi mwalimu ayambe watipatsa mpata?"

Ndinadzuka, koma Alihaji anakweza dzanja. "Akhale. Ine ndilibe chobisa."

Ndinakhalanso pansi. Zotsatirazi sindikanazilemba, chifukwa Shehe anatiphunzitsa kubisa zofooka za anzathu. Ndikuzilemba chifukwa Alihaji eni ake anadzandiuza kuti ndizizinena kwa aliyense wofuna kumva.

"Achimwene anu, malemu Che Disi," anayamba Shehe, "papita zaka zingati chimwalirire?"

"Makumi awiri ndi ziwiri. Mulungu awachitire chifundo."

"Amina."

Ine Che Disi sindinawaone, ndinafika kuno iwo atapita kale. Ndinamva tsiku lomwelo kuti anali akulu awo a Alihaji. Anagwira ntchito ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo atabwerako anakwatira kutsidya kwa dambo. Monga mwa chikamwini, anakakhala kwawo kwa mkazi, n'kumanga nyumba ya njerwa pamalo a apongozi. Inali nyumba yoyamba ya malata m'mudzi umenewo. Atamwalira anasiya mkazi ndi mwana mmodzi wamkazi, Lukiya, wa zaka zisanu ndi chimodzi.

"Pa sadaka ya tsiku la makumi anayi," anatero Shehe, "anthu atadya n'kubalalika, akuchimuna munatsalira kuti mugawane katundu. Malo simukanawanyamula, anali a kuchikazi. Makoma simukanawanyamula. Munanyamula chiyani?"

Alihaji anayang'ana kumsewu. "Unali mwambo, Shehe. Aliyense ankatero."

"Ndikudziwa. Sindikuzenga mlandu mwambo. Ndangofunsa chimene munanyamula."

"Malata."

"Angati?"

"Makumi awiri ndi anayi."

"Unali mwezi wanji?"

"Disembala."

Tonse tikudziwa chimene chimagwa mu Disembala.

"Padenga anakwera ndani?" anafunsa Shehe. Mawu awo anali ofatsa ngati akufunsa njira.

"Ndinakwera ndine. Thukuta linali la achimwene anga. Kodi ndikanasiya kuti mwamuna wina adzalowe m'nyumbamo, azidzagona pansi pa malata a m'bale wanga? Nanenso ndinali wosauka nthawi imeneyo. Okala yanga yoyamba ndinafolera malata omwewo."

"Gawo lanu linalipo ndithu," anatero Shehe. "Sindikulandani. Che Disi analibe mwana wamwamuna, makolo anu anali atapita kale, ndiye inu ndi mlongo wanu munali ndi gawo. Tikanagawa mwa lamulo la Mulungu, pa malata makumi awiri ndi anayi aja, atatu anali a mayi wamasiye. Khumi ndi awiri anali a Lukiya. Mlongo wanu atatu. Anu anali asanu ndi limodzi. Ndipo munthu wa chifundo akanati anga akhale padenga pomwepo mpaka mwana akule."

Shehe anapitiriza.

"Funso lomaliza. Inu mukuzula misomali pamwamba, pansi ankalandira malata ndani?"

Envulopu inali m'manja mwa Alihaji ija inagwera pansi, ndipo sanaitole.

"Sanudi," anatero motsitsa mawu. "Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ndinamutenga kuti andithandize kusanja pangolo."

"Analipo pamene mayi aja ankalira?"

"Analipo."

"Munamuuza chiyani?"

Mayi wina anadutsa ndi mtolo wa nkhuni, n'kupereka moni, Shehe n'kuyankha. Atapita, Alihaji anati, "Anafuna kusiya. Anati, 'Amalume, mwanayu agona pati?' Ine ndinati, 'Landira lata iwe. Za akazi usamazimvere. Chuma ndi cha kwathu.'"

Ine ndinayang'ana pansi, manyazi atandigwira ngati mawuwo ndinanena ndine. Ndinkayembekeza kuti Shehe tsopano akantha. Munthu wa matama anali atagwa, ndipo, Mulungu andikhululukire, kamtima kena mwa ine kankafuna kumuona akupondedwa. Koma Shehe anatola envulopu ija, anaipukuta fumbi ndi mkono wa malaya, n'kuibwezera m'manja mwa mwini wake.

"Mukudabwa kuti ndikuzidziwa bwanji zimenezi," anatero. "Duwa, pemphero la pa sadaka ija, ndinawerenga ndine. Ndinali nditangofika kumene pamzikiti uno. Ndinadya mpunga wa mayi wamasiye uja, ndinasamba m'manja, n'kutsazika. Nditafika padambo ndinamva hamala kumbuyo kwanga. Ndinadziwa kuti si hamala yokhoma. Malamulo ndinali nawo m'mutu, magawo onse ndikanawanena ndili m'tulo. Koma ndinati, ndine mlendo, ndikalankhula andithamangitsa. Ndinaima pang'ono, kenaka ndinapitiriza ulendo."

Mawu awo ananjenjemera. Zaka zonse zimene ndinakhala nawo sindinawamvepo akutero.

"Mayi aja anamwalira ndisanawapemphe chikhululuko. Ndipo inu, Alihaji, ndakhala ndikukupatsani moni zaka zonsezi, n'kulandira malata anu a mzikiti, osanenapo kanthu. Ndimati ndikudikira tsiku labwino. Tsikulo silinabwere mpaka lero mwabwera nokha. Ndiye musaganize kuti woyera akulankhula ndi wochimwa. Pamlandu uwu tilipo awiri."

Alihaji anavula kofiya yawo, n'kuiika pabondo. Anayesabe kudziteteza, koma mphamvu zinali zitatha.

"Lukiya sanadandaulepo. Akandiona amagwada, amandipatsa moni."

"Amatero. Amakutchulani bambo aang'ono, chifukwa ndinudi bambo ake. Amaima pamzere pachigayo chanu ngati wina aliyense. Kunyumba kwake munapitako liti?"

"Chichokere tsiku lija sindinapondeko."

"Makoma a Che Disi akadali chiimire. Anamanga bwino achimwene anu. Pamwamba pali udzu ndi pulasitiki. Lukiya ali ndi ana atatu, mwamuna wake anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Chaka chilichonse amamweta udzu yekha."

Alihaji anaphimba nkhope ndi manja. Mapewa awo ankagwedezeka. Ndinamva chisoni chachikulu, ndipo kamtima kanga koipa kaja kanathawa. Uyu sanalinso mwini zigayo. Anali bambo wodwala amene akuopera ana ake.

"Shehe, ana anga," anatero akulira. "Wamng'ono uja sadziwa ngakhale kutsutsana ndi munthu. Mayi awo ndi munthu wofatsa. Ndikapanda kudzuka Lolemba, adzaima ndani pakhomo? Pepala ili lili ndi chidindo cha loya. Kodi silikwanira?"

"Kukhoti lidzakwanira," anayankha Shehe. "Koma khoti lili kuboma, ndipo limatsegula mochedwa. Olanda amafika maliro asanazizire. Pamene mayi akunyumba azidzapeza ndalama yowafikitsa kuboma, lole idzakhala itawoloka malire, injini za zigayo zitamasulidwa. Ndazionapo kambirimbiri. Ndipo ndikamutchula Sanudi pa mimbari, ndiye kuti ndam'patsa chifukwa. Adzati amalume anandinyoza pagulu, ndilibe nawonso chifundo."

Alihaji anapukuta misozi ndi kofiya ija. Pang'onopang'ono wamalonda uja anabwerera mwa iwo. Munthu wozolowera kuthetsa nkhani ndi lole sachedwa kuiitana.

"Chabwino. Ndamva. Mawa m'mawa nditumiza dalaivala. Malata makumi atatu, atsopano, olimba kuposa aja. Ndi misomali yomwe, ndi mapulanga, ndi mmisiri. Akatsitse kwa Lukiya, anthu asadziwe kuti achokera kuti. Sadaka yabwino ndi yobisa, si choncho Shehe? Munatiphunzitsa ndinu."

Ine ndinagwedeza mutu kuvomereza. Ndinaona ngati ndi yankho labwino kwambiri, ndipo ndinadabwa kuona Shehe akumwetulira mwachisoni.

"Sadaka yabwino ndi yobisadi. Koma iyi si sadaka, Alihaji. Munthu sapereka sadaka ndi katundu wa eni. Uku ndi kubweza. Munatenga masana, mudzi wonse ukuona. Mukabweza mobisa, Lukiya apeza denga, zimenezo n'zabwino. Koma ana anu sapeza kanthu."

"Nanga nditani?"

"Musatume munthu. Mupite nokha. Mukayambe mwagwada pamaso pa mwana wanu Lukiya, mumupemphe akukhululukireni, chifukwa malata atsopano sabweza mvula imene inawavumba iye ndi mayi ake. Ine ndidzagwada pambali panu. Akalola, ntchito iyambe. Makwerero ndidzagwira ndine."

"Shehe, thupi ili silingakwerenso padenga."

"Ndikudziwa. Akwere Sanudi. Inu muime pansi pamene anaima iye paja, muzim'patsira lata limodzilimodzi. Lata lililonse mukalikweza muzinena mokweza kuti, ili ndi la Lukiya, ndinalitenga molakwa. Mlongo wanu akhalepo. Mayi akunyumba ndi ana anu akhalepo."

Ndinaona kuti zimenezi zikuwawawa Alihaji kuposa mpeni wa dokotala. Munthu amene anthu ankamuimirira akamalowa mumzikiti, akagwade m'fumbi pamaso pa mayi wofolera udzu, mudzi wonse uli maso tong'o.

"Ulemu wanga wonse uthera pamenepo," anatero.

"Mwina. Koma simunabwere kuno kudzateteza ulemu."

"Nanga ndikachita zonsezi, Sanudi n'kudzalandabe? Mungandilonjeze kuti sadzatero?"

Shehe anawagwira dzanja.

"Sindingalonjeze. Mitima ili m'manja mwa Mulungu, si mwanga. Koma ichi ndikuchidziwa. Sanudi sanabadwe wolanda. Tsiku lija anafunsa kuti mwanayu agona pati, ndipo amene anam'phunzitsa kusafunsa ndi amalume ake. Temberero langa silingafufute phunziro lanu, chifukwa ine si amene amandimvera. Amamvera inu, ndipo wasunga mawu anu zaka makumi awiri ndi ziwiri osataya ndi limodzi lomwe. Wophunzira wotere sapezekapezeka, Alihaji. Phunziro loyamba analigwira. Mwatsala ndi masiku anayi kuti mum'patse lachiwiri."